Mmene ndinasankhira pulogalamu yokonzera makompyuta ndili kutali

Tsiku lina Lachinayi, teremu itatsala pang'ono kutha, ndinalandira foni cha m'ma 3 koloko masana kuchokera kwa mayi amene amasunga ndalama pa sukulu ina yoyima payokha ku Mulanje. Pirinta ya mu ofesi mwawo inali itasiya kusindikiza, malipoti a ana anayenera kuperekedwa kwa makolo m'mawa mwake, ndipo mnyamata amene ankawathandiza zinthu zoterezi anali atapita kumaliro kwawo. Shopu yanga yokonza makompyuta ili ku Limbe, ndipo aliyense amene anakwerapo minibasi ya ku Mulanje yodzera msewu wa Midima akudziwa kuti nthawi yodikira kuti galimoto idzaze imatha kufanana ndi nthawi ya ulendo weniweniwo. Ndikananyamuka nthawi imeneyo ndikanapeza ofesi atatseka, ndipo ndalama ya thiransipoti yopita ndi kubwerera ikanaposa mtengo wa ntchitoyo. Choncho ndinachita zimene ndinazolowera kwa zaka zingapo. Ndinawapempha mayiwo kuti atsegule pulogalamu ina yaulere imene ndinaiika kale pa kompyuta yawo, andiwerengere manambala amene ankaoneka pa sikirini, ndipo posakhalitsa ndinali ndikuyendetsa mawusi a kompyuta ya ku Mulanje nditakhala pa mpando wanga ku Limbe.

Vuto lake silinali lalikulu, chifukwa mapepala amene anatumizidwa ku pirinta anali atangounjikana pa mzere, ndipo chofunika chinali kuimitsa print spooler, mbali ya Windows imene imasunga mzere wa mapepalawo, kufufuta zimene zinakanirirazo, n'kuiyambitsanso. Koma ndisanamalize, pulogalamuyo inandidula n'kulemba uthenga wonena kuti ikuganiza kuti ndikuigwiritsa ntchito pochita malonda. Nditayesa kulowanso inandiuza kuti ndidikire kaye, ndipo nditalowa inandidulanso ndisanafike n'komwe pamene ndinalekezera. Ntchito ya mphindi 10 inatenga maola awiri, ndipo mbali yotsalayo tinaimalizira pa foni, ine ndikunena malo oti adine, iwo akujambula sikirini n'kunditumizira zithunzi pa WhatsApp. Pirinta itayamba kulira, mayiwo anati, "Achimwene, ndathokoza, koma mayunitsi anga atha, ndipo mutu ukundiwawa."

Madzulo amenewo ndinali wokwiya, koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti wolakwa ndinali ine. Mapulogalamu ambiri otchuka amtunduwu amanena poyera kuti aulerewo ndi a munthu amene akuthandiza abale ake kapena kulowa m'kompyuta yake ya kunyumba, osati amene akulandira ndalama pa ntchitoyo. Ine ndinkalandira ndalama, ndipo ndinkalowa m'makompyuta ambirimbiri osiyanasiyana mwezi uliwonse, kotero kuti makina a kampaniyo sanafunike nzeru zambiri kuti andizindikire. Ndinakumbukiranso kuti kudalira chaulere pa bizinesi kunapwetekapo anthu ambiri mu Januwale 2014, pamene kampani ya LogMeIn inathetsa pulogalamu yake yaulere yamtundu womwewu itangopatsa anthu masiku ochepa oti asankhe kulipira kapena kuchoka. Ndinatsimikiza kuti ndifufuze bwinobwino, ndisankhe chinthu chimene ndingayime nacho pamaso pa kasitomala popanda kuchita manyazi.

Poyamba ndinafufuza molakwika. Ndinatenga kope n'kujambula mizere, mbali imodzi mayina a mapulogalamu, mbali ina zimene iliyonse imatha kuchita, monga kutumiza mafayilo, kujambula zonse zimene zachitika, kuonetsa masikirini awiri, ndi zina zotero. Patapita sabata kope linadzaza koma sindinali pafupi ndi yankho, chifukwa zonse zimene ndinalembazo zinali zokomera ine amene ndakhala mu shopu, pamene ntchito yokonza kompyuta uli kutali imaonongekera mbali inayo. Imaonongekera pa munthu amene wagwira foni dzanja limodzi, magalasi atawaiwala kunyumba, intaneti yake ikuchokera pa foni yomweyo imene tikulankhulirapo, ndipo sakudziwa kusiyana kwa malo olembapo adiresi ya webusaiti ndi malo ofufuzira. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyesa pulogalamu iliyonse ndi funso limodzi, loti munthu ameneyu adzavutika bwanji kuti andilowetse, komanso adzakhala wotetezeka bwanji ndikatuluka.

Kulowa ndiye chiyambi cha mavuto onse. Ndikauza kasitomala kuti afufuze dzina la pulogalamu pa intaneti n'kuitsitsa, kawirikawiri amadina chinthu choyamba chimene chaoneka, chimene nthawi zina chimakhala chotsatsa malonda cha anthu ena, ndipo ndinakonzapo laputopu imene inadwala chifukwa mwini wake anatsitsa pulogalamu yabodza yokhala ndi dzina ndi chithunzi cha yeniyeni. Pa chifukwa chimenechi Quick Assist ya Microsoft inandikopa msanga, popeza imabwera ndi Windows 10 ndi Windows 11, ndipo munthu amangodina makiyi atatu pamodzi, Ctrl, kiyi wa Windows ndi Q, n'kutseguka. Ine ndimalowa ndi akaunti yanga ya Microsoft, ndimapatsidwa kachizindikiro kafupi kamene kamagwira ntchito mphindi 10, kasitomala amakalemba mbali yake n'kuvomereza kuti ndione sikirini, ndipo ndikafuna kuyendetsa mawusi ayeneranso kuvomereza kachiwiri. Iye safunika akaunti iliyonse, ndipo tikamaliza sindingathe kubwereranso m'kompyuta yake popanda iye kundilowetsanso. Chovuta chake n'chakuti kuyambira mu 2022 pulogalamuyi inasamutsidwira ku Microsoft Store, moti pa makompyuta amene akhala nthawi yaitali osalandira zatsopano imayamba yafuna kutsitsa kaye zina, ndipo zimenezi zimadya bandulo ya kasitomala ntchito isanayambe.

Pali chinthu china chimene amalonda a mapulogalamu sakonda kuchitchula, koma wokonza makompyuta amakumana nacho tsiku lililonse. Ukafuna kuika driver wa pirinta (kapulogalamu kothandiza kompyuta kugwira ntchito ndi pirintayo), kuchotsa pulogalamu, kapena kusintha chilichonse chachikulu, Windows imadetsa sikirini n'kutulutsa kabokosi kofunsa ngati ukuvomereza, kokhala ndi Yes ndi No. Kabokosi kameneka kamaonekera pamalo otetezedwa amene mapulogalamu wamba saloledwa kuwaona, ndipo anakakonza dala choncho kuti mavairasi asamadzidinire okha Yes. Zotsatira zake n'zakuti mu Quick Assist ine ndimangoona sikirini yakuda yoima, pamene kasitomala akuona funsolo. Ngati ali pafupi ndipo akaunti yake ili ndi mphamvu zonse, ndimangonena kuti, "Bambo, dinani Yes," ntchito n'kupitirira. Koma anthu ambiri akakulowetsa amadzuka kukachita zina, poganiza kuti mbali yawo yatha, ndipo ndakhalapo theka la ola ndikuyang'ana mdima, ndikuimba foni imene mwini wake anaisiya patebulo pafupi ndi kompyutayo. M'maofesi mmene wogwira ntchito sadziwa pasiwedi ya wamkulu wa kompyuta zimavuta koposa, chifukwa pasiwediyo iyenera kulembedwa ndi munthu amene ali pomwepo, ndipo sibwino kuitchula pa foni. Mapulogalamu monga TeamViewer, AnyDesk ndi RustDesk ali ndi njira yopemphera mphamvu zimenezi kamodzi pachiyambi kuti wokonza aziona kabokosiko yekha, ndipo kwa ine chinthu chimodzi chimenechi chinali cholemera kuposa theka la zimene ndinalemba m'kope muja.

Chrome Remote Desktop ya Google sindinakhalitse nayo. Ndi yaulere ndipo imagwira bwino ntchito polowa m'kompyuta yako yomwe, koma pothandiza munthu wina pamafunika kuti iye akhale ndi akaunti ya Google, aike kaye kapulogalamu kena, kenako andiwerengere manambala 12 amene amatha mphamvu pakapita mphindi 5. Kuwerengerana manambala 12 pa foni yodukaduka, wina akutchula m'Chingerezi wina akubwereza, ndi mpikisano umene mphindi zisanuzo zimapambana kawirikawiri. Remote Desktop ya mu Windows momwemo ndinaisiyanso msanga pa zifukwa zitatu zimene zimapezeka pamodzi kwa makasitomala anga. Windows Home, imene ili pa malaputopu ambiri ogulidwa m'mashopu, siilola kuti munthu alowemo mwa njira imeneyi. Intaneti ya pa foni imaika anthu ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, kotero kuti palibe khomo limene ndingagogode kuchokera kunja, ndipo kutsegula pa intaneti khomo la 3389, limene Remote Desktop imadzera, n'kuitana akuba. Choipa kwambiri n'chakuti ndikalowa, sikirini ya kasitomala imatsekeka, iye osaona chimene ndikuchita ndi mafayilo ake.

Nkhani ya netiweki ndi magetsi ndinaiyesa ndi manja, osati kuwerenga. Ndinatenga laputopu yakale ya mu shopu, ndinailumikiza ku foni, n'kuika foniyo pakona pamene netiweki imavuta, kenako ndinalowamo ndi pulogalamu iliyonse n'kumachita ntchito zofanana. Chimene ndinkafuna kuona si kukongola kwa chithunzi, koma ngati mawusi akumvera dzanja langa panthawi yake, chifukwa akamachedwa munthu umadina kawiri pamalo olakwika, ndipo m'kompyuta ya mwini kudina molakwika kumatha kufufuta ntchito ya mwezi wathunthu. Mapulogalamu amene amalola kuchepetsa mitundu, kuchotsa chithunzi cha kumbuyo kwa sikirini ndi kusankha liwiro m'malo mwa kuwala ndi amene anapirira. AnyDesk, imene inayamba mu 2014 ku Stuttgart m'dziko la Germany ndipo imagwiritsa ntchito njira yakeyake yopanikizira zithunzi yotchedwa DeskRT, inachita bwino pa mayeso amenewa, ndipo fayilo yake ndi yaing'ono moti kasitomala amaitsitsa msanga. Ndinayesanso kuzimitsa intaneti dala pakati pa ntchito, komanso kuyambitsanso kompyuta, kuti ndione ngati pulogalamu ikundibwezera yokha kapena tiyenera kuyambiranso kuwerengerana manambala. Kuno kwathu funso limeneli si laling'ono, chifukwa magetsi akathima rauta ya mu ofesi imazima nthawi yomweyo ngakhale laputopu ikhalebe yoyaka, ndipo kuika driver kapena kuchotsa vairasi kumafuna kuyambitsanso makina kawiri kapena katatu.

Zaka za makinawo nazonso zinalowa m'chiwerengero. Makompyuta ambiri amene amabwera pa shopu yanga ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, amene sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale, pamene Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kuthandiza Windows 10. Alipo ngakhale a Windows 7 m'maofesi ena, amene eni ake amati bola akuyaka. Pulogalamu imene imafuna makina atsopano okhaokha ikanandisiyanitsa ndi anthu amene amandifuna kwambiri.

Nditafika pa ndalama ndi pamene kope lija linakhala lopanda ntchito kwenikweni. TeamViewer, imene inayamba mu 2005 ku Germany, ndi pulogalamu yokhwima, ndipo ndikanakhala ndi shopu ku Johannesburg kapena ku London mwina ndikanangolipira n'kuiwala. Koma malaisensi a mapulogalamu amenewa masiku ano salipiridwa kamodzi ngati kale, amalipiridwa chaka ndi chaka, pa madola kapena mayuro, ndipo nthawi zambiri chaka chonse nthawi imodzi. Ine ndimalandira makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700 kubanki. Laisensi imene mtengo wake sunasinthe ku Germany inakwera choncho usiku umodzi kwa munthu wa ku Limbe, pamene makasitomala anga sakanavomera kuti ndikweze mtengo wa ntchito mofanana. Kuonjezera apo, kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti khadi la kubanki nthawi zina likane kulipira kunja ngakhale mu akaunti muli ndalama, ndipo laisensi ikalephera kulipiridwa pa tsiku lake ntchito imaima. Ndinaphunziranso kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta m'mapangano, chifukwa makampani ena amapitiriza okha mgwirizano kwa chaka china ngati sunawadziwitse masabata angapo chaka chisanathe, ndipo ngongoleyo imakutsata.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene anzanga a ntchito imeneyi amachidziwa bwino, kuti kasitomala savomera msanga kulipira ntchito imene sanakuone ukutuluka thukuta. Ukabwera ndi chikwama cha masikuludiraiva n'kutsegula makina, ndalama imatuluka mosavuta, koma ukakonza vuto lomwelo uli kutali pa mphindi 15, ena amati, "Ndiye pamenepa pali cholipira ngati, si mwangodinadina?" Choncho ndalama imene ntchito zakutali zimabweretsa pa Airtel Money kapena Mpamba ndi yochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwake, ndipo laisensi yodula ikanadya phindu lonse. Ndinayamba kunena mtengo ndisanalowe, ndipo ndinaona kuti anthu amalipira bwino akamaona okha pa sikirini zimene ndikuchita.

Chaka cha 2024 chinandiphunzitsa kuti palibe pulogalamu imene munthu angaikhulupirire ndi maso otseka, yodula kapena yaulere. Mu Febuluwale chaka chimenecho AnyDesk inalengeza kuti akuba analowa m'makina ake, ndipo inasintha ziphaso zimene imasainira mapulogalamu ake komanso inathetsa mapasiwedi a pa webusaiti yake. Mwezi womwewo kunapezeka bowo lalikulu mu ScreenConnect ya ConnectWise, limene linkalola munthu wakunja kulanda seva yonse, kompyuta imene pulogalamuyo imayendera, ndipo amene ankasunga okha maseva awo n'kuchedwa kuika chigamba chotseka bowolo ndi amene anali pangozi kwambiri. Mu Meyi, Microsoft inachenjeza kuti gulu lina la akuba linkaimbira anthu foni n'kuwanyengerera kuti atsegule Quick Assist, kenako n'kuika vairasi ya Black Basta imene imatseka mafayilo n'kufuna dipo. Mu Juni, TeamViewer inanena kuti makina a mu ofesi zake analowedwa ndi gulu lotchedwa APT29, ngakhale inatsimikiza kuti mbali ya makasitomala sinakhudzidwe. Kumbuyoko, mu Julayi 2021, akuba a REvil anadzera mu pulogalamu ya Kaseya n'kufika m'mabizinesi pafupifupi 1,500 amene ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe dzina la Kaseya, chifukwa amene ankaigwiritsa ntchito anali makampani owasamalira makompyuta. Nkhani yomalizayi ndi imene inandisowetsa tulo, popeza m'nkhani imeneyi malo a shopu ngati yanga ndi a pakati paja: wakuba akapeza kiyi wanga, wapeza makiyi a makasitomala anga onse.

Palinso vuto la kwathu kuno limene limakhudza kuwerengerana manambala. Kwa zaka zambiri anthu akhala akuchenjezedwa pa wailesi ndi m'mauthenga a pa foni kuti asapereke PIN kapena manambala achinsinsi kwa munthu aliyense woimba foni, chifukwa cha akathyali amene amanamizira kuti ndi a kampani ya foni kapena kuti atumiza ndalama molakwika. Chenjezo limeneli ndi labwino, ndipo ine ndikamauza kasitomala kuti andiwerengere manambala a pa sikirini ndimakhala ndikumuphunzitsa kuchita chinthu chofanana ndendende ndi chimene wachenjezedwa. Munthu amene wazolowera kulowetsa ine mosavuta akhoza kudzalowetsanso wina amene wangonena kuti watumidwa ndi ine. M'mayiko ena chinyengo chimenechi chinakula kale, moti banki yaikulu ya ku India inachenjezapo mu 2019 za akuba amene ankanyengerera anthu kuika AnyDesk pa mafoni awo n'kuwabera ndalama. Choncho ndinaika lamulo limene silidalira pulogalamu iliyonse, loti ine sindiyamba kuimba foni kupempha kulowa m'kompyuta ya munthu. Kasitomala ndiye amaimba, pa nambala imene ndinamata pa kapepala pansi pa laputopu yake, ndipo ndikamuimbira ine pa chifukwa china, ayenera kudula n'kuimbanso yekha pa nambalayo asanawerenge chilichonse.

Funso lovuta kwambiri linali loti ndiziika kapena ndisamaike pulogalamu yondilola kulowa nthawi ina iliyonse mwini wake palibe. Kwa wokonza, njira imeneyi ndi yokoma kwambiri, chifukwa ukhoza kugwira ntchito usiku ofesi atatseka, popanda kuwerengerana manambala kapena kudikira munthu kuti adine Yes. Koma m'makompyuta amenewa muli malipiro a aphunzitsi, mayina a odwala, zithunzi za m'banja ndi makalata amene mwini wake sangafune kuti ngakhale mkazi wake awaone, ndipo akuluakulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo, ndipo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA imayang'anira, likuika udindo pa aliyense amene amagwira zinsinsi za anthu ena. Tsiku limene ndalama zidzasowe mu ofesi ina kapena chithunzi chidzatuluke pamene sichiyenera, munthu woyamba kuganiziridwa adzakhala amene ali ndi kiyi wolowera usiku. Ndinaganiza kuti kwa anthu wamba ndisamasiye khomo lotsegula ngakhale atandipempha okha, ndipo kwa maofesi ochepa amene ndili nawo pa mgwirizano wa mwezi ndi mwezi ndiziika pokhapokha mkulu wa ofesiyo atasaina pepala lotchula makompyuta ake ndi nthawi zimene ndingalowe.

Kwa maofesi amenewa ndi kumene RustDesk inalowera. Ndi pulogalamu imene malemba amene anaipangira ndi otseguka kuti aliyense awaone, yolembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Rust, ndipo imalola munthu kukhala ndi seva yakeyake m'malo modalira ya kampani. Sevayo ili ndi mbali ziwiri, hbbs imene imadziwitsa makompyuta awiri kumene mnzake ali, ndi hbbr imene imapatsira zithunzi ngati makompyutawo alephera kulumikizana mwachindunji, monga zimachitikira kawirikawiri pa intaneti ya pa foni. Zonsezi zimagwiritsa ntchito makomo a 21115 mpaka 21119, ndipo zimayenda pa seva yaing'ono kwambiri ya Linux. Ndinabwereka seva yotsika mtengo ku South Africa, chifukwa ikakhala pafupi mawusi amamvera msanga kuposa zithunzi zikamazungulira ku Ulaya. Sevayo ikayamba koyamba imapanga kiyi wake, ndipo kiyi ameneyu ndi amene ndimaika pa makompyuta a makasitomala kuti azilankhula ndi seva yanga. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti adiresi ya seva ndi kiyiyo zikhoza kulembedwa m'dzina la fayilo ya pulogalamuyo, moti ndimainyamula pa fulashi n'kuiika ndekha ndikapita ku ofesiko, popanda wina kulemba chilichonse kapena kufufuza pa intaneti.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti njira imeneyi ndi yaulere, chifukwa walira mvula walira matope. Seva ija imalipiridwabe pa ndalama zakunja, kungoti ndi zochepa ndipo ndi za mwezi ndi mwezi, moti khadi likakana mwezi umodzi ndimapempha mphwanga wa ku Johannesburg kuti alipire ine n'kumubwezera. Udindo wonse wosamala sevayo uli pa ine, ndipo nkhani ya ScreenConnect ija ikusonyeza zimene zimachitikira munthu wosunga seva yake n'kuiiwala. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse ndimaika zigamba zatsopano ndisanatsegule shopu, ndipo kulowa m'sevamo n'kwa kiyi wokha, osati pasiwedi. Seva yaulere ya RustDesk ilibe zina zimene zili mu yolipira, monga malo amodzi oyang'anira ogwira ntchito ndi kaundula wa amene analowa kuti ndi liti, choncho kaundulayo ndimalemba pamanja m'buku lachikuto cholimba: tsiku, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, ofesi, amene wapempha, ndi chimene ndachita. Ofesi iliyonse ili ndi pasiwedi yakeyake yaitali, ndipo mnyamata amene ndinkagwira naye ntchito atapeza ntchito ina ku Lilongwe, ndinasintha mapasiwedi onse tsiku lomwelo, ngakhale tinasiyana bwino ndipo timalankhulana mpaka lero. Ndinayang'ananso MeshCentral, imene inayambira ku Intel ndipo imachita zambiri kuposa RustDesk, koma ndinaona kuti ndi yoyenera munthu wosamala makompyuta mazanamazana, pamene anga apamgwirizano sakwana 40.

Panopa ndimagwiritsa ntchito mapulogalamu awiri, ndipo ndavomereza kuti umu ndi mmene zikhalire. Munthu amene wabwera ndi vuto la tsiku limodzi, imelo yakana kapena Excel yasokonekera, timagwiritsa ntchito Quick Assist, ndipo ndisanalowe ndimamupempha atseke zimene sakufuna kuti ndione komanso asachoke pampando mpaka ndimalize. Maofesi apamgwirizano ali pa RustDesk ya seva yanga. Tsiku limene shopu idzakule n'kukhala ndi okonza atatu kapena anayi, buku lachikuto cholimba lija silidzakwanira, ndipo pamenepo ndidzalipira laisensi yokhala ndi kaundula wake, kaya ya RustDesk yomweyo kapena ina, mtengo wake n'kuugawa pa migwirizano ya mwezi. Pali ntchito zina zimene ndimakana kuchita ndili kutali ngakhale pulogalamu itakhala yabwino chotani, monga hard disk imene yayamba kulira kapena kompyuta imene ndikuikayikira kuti ili ndi vairasi yotseka mafayilo, chifukwa makina oterowo ayenera kuzimitsidwa ndi kuchotsedwa pa intaneti, osati kulumikizidwa kwa ine.

Sukulu ya ku Mulanje ija inalowa pa mgwirizano teremu yotsatira, koma kompyuta ya mayi osunga ndalama aja mwini sukulu anakana kuti ikhale yolowa nthawi ina iliyonse, ndipo ndinagwirizana naye. Mwezi watha ndinawaimbira mayiwo kuwakumbutsa kuti tsiku lokopera mafayilo awo ku hard disk yosungira lakwana, ndipo nditangotchula zolowa m'kompyuta anati, "Dikirani kaye achimwene, ndidule ndiimbe ndekha." Ndinakhala mphindi zitatu foni ili m'manja pamene iwo ankatembenuza laputopu kufunafuna kapepala kaja, kenako foni ya pa shopu inalira, anadina makiyi atatu aja, ndipo tinakopera mafayilo a teremu yonse magetsi asanathime cha m'ma 4 koloko.